Lipenga la Agogo ndi Nyimbo ya London

M'nyumba mwanga kuno kwa Chikwa, m'dera la Chama, pamsomali wa pamwamba pa chitseko, pali chipanda chachitali ngati mkono wanga, chofiirira ndi utsi, chong'aluka pang'ono kukamwa. Alendo amayesa n'chotungira madzi. Ndi lipenga la mganda la agogo anga aamuna, obereka bambo, ndipo ndicho chuma chonse chimene anandisiyira atatisiya mu 1971. Papita zaka zitatu ndikulimbana ndi nyimbo yaitali yonena za dziko la Chikwa, ndipo cholembera chikaima, maso anga amathawira pa chipanda chimenechi.

Ndine mphunzitsi wopuma, ndipo makwaya ndaphunzitsa zaka zoposa 40. Kwathu kuno timalankhula Chisenga, koma kulemba ndinaphunzirira m'Chinyanja, choncho mundilole ndifotokoze m'chilankhulo chimenechi chibale chimene chilipo pakati pa chipanda cha m'chigwa cha Luangwa ndi nyimbo ya mzinda wa London.

Agogo anatengedwa pa nkhondo ya 1914 ali mnyamata wosakwatira. Mfuti sanaigwirepo. Anali mtengatenga, mmodzi wa anthu miyandamiyanda amene ankasenza ufa, zipolopolo ndi mahema kupita kumalire a kumpoto kumene Angerezi ankalimbana ndi Ajeremani. Kuno nkhondoyo inachedwa kutha. Ku Ulaya mfuti zinaleka pa 11 Novembala 1918, koma mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anamva uthengawo ali kale m'dziko lathu, cha ku mtsinje wa Chambeshi, ndipo anakatula zida ku Abercorn, kumene lero timati Mbala, pa 25 Novembala. Agogo anabwera kumudzi ndi zipsera m'mapewa, chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa, ndi nyimbo m'mutu.

Za njala ndi maliro a m'njira sankakonda kukamba. Ukawafunsa ankangoti, "Iwe mwana, zimenezo zisiye zigone." Koma ukangotchula bandi ya asilikali, nkhope inkawala. Ankafotokoza malipenga achitsulo onyezimira padzuwa, ng'oma yaikulu yomangirira pachifuwa, ndi munthu mmodzi patsogolo woponya ndodo m'mwamba n'kuiwakha osaphonya phazi. Chimene chinawazunguza mutu n'chakuti anthu makumi angapo ankaimba aliyense zake, wina pamwamba, wina pansi, wina kungogunda apo ndi apo, koma zonse n'kumatuluka ngati pakamwa pamodzi.

Si agogo okha amene anagwidwa ndi chidwi chimenechi. Kale m'zaka za m'ma 1890, anyamata a Chiswahili m'mizinda ya kugombe monga Lamu ndi Mombasa anali atayamba kutsanzira mabandi a azungu, n'kupanga gule wa beni, wa magulu opikisana okhala ndi maudindo ngati a usilikali. Nkhondo ndiyo inamwaza guleyu. Asilikali ndi amtengatenga anamunyamula pobwerera kwawo, ndipo paliponse pamene anafika anavala zovala za eni dera. Kwa Ayao anakhalabe beni. Kwa Atonga a ku Nkhata Bay anasanduka malipenga. Kwa Achewa ndi Atumbuka anatchedwa mganda, ndipo cha ku nyanja ya Bangweulu kunabadwa kalela. Ife Asenga, amene chilankhulo chathu n'chapachibale ndi Chitumbuka, wathu ndi mganda, monga anzathu a kumtunda ku Lundazi.

Chitsulo cha malipenga kunalibe, koma zipanda zinali mbwee m'minda. Unkasankha chipanda cha khosi lalitali, kuchidula kumapeto, kuboola kabowo pambali koikapo milomo, kenako kunsonga yopyapyalayo kumatapo kachikopa koyera kamene kangaude amaphimbira mazira ake pakhoma la nyumba. Lipenga lotere suliuzira mpweya chabe ngati la asilikali. Umaimbira m'kati mwake ndi mawu ako, kachikopa kaja n'kumanjenjemera, mawu n'kutuluka okula ndi onzuna ngati njuchi zili m'mphako. Zipanda zing'onozing'ono zinkatenga mawu apamwamba, zapakati zinkayankha, zazitali ngati cha agogo zinkagwira pansi. Ng'oma yaikulu inkasunga phazi, yaing'ono n'kumadulira pakati.

Gulu lililonse linkatchedwa boma, ndipo linali ndi kingi wake, akapitawo, dokotala ndi nesi. Dokotala ankayendera mzere kuona ngati zikhadabo zawengedwa ndiponso ngati malaya achapidwa. Nesi ankapukuta thukuta ovina ndi kansalu koyera. Amuna amene kunkhondo ankalamulidwa ngati abulu onyamula katundu, pabwalo la mudzi ankavala kabudula woyera wositidwa ndi masokosi ofika m'mawondo, n'kumapatsana okha maudindo. Ndili mwana ndinkangoona kukongola kwake. Ndakula m'pamene ndazindikira kuti m'menemo munalinso kuseka azungu, kusirira, ndi kudzichotsa manyazi, zonse m'phazi limodzi. Tikakolola, boma la mudzi wina linkabwera kudzapikisana nafe, ndipo nyimbo zinkapekedwa zatsopano chaka ndi chaka: za msonkho, za njovu zimene zatha mapira, za mnyamata wopita ku migodi osatumiza ngakhale sopo.

Mu 1977 ndili kukoleji ya aphunzitsi ku Chipata, mphunzitsi wathu wa nyimbo anabwera m'kalasi ndi galamafoni ndi mbale yakuda. Anati timvera symphony, ndiye kuti nyimbo yaitali yopanda mawu, kawirikawiri ya zigawo zinayi, yoimbidwa ndi orchestra, gulu la anthu 80 kapena kuposa: a zingwe monga vayolini, a zitoliro, a malipenga achitsulo ndi a ng'oma. Imene anatiikira inali A London Symphony ya Ralph Vaughan Williams. Kunena zoona, mphindi zoyamba ndinayamba kuwodzera. Kunja kunkatentha, ndipo m'mbalemo munkangomveka kung'ung'udza kwa pansipansi. Mphunzitsi uja ananyamula singano n'kunena kuti, "Bambo a ku Chama, dzukani. Tibwereza. Mundiuze nthawi ili bwanji mu mzindawu."

Atabwereza ndinamva. Pakati pa kung'ung'udza kuja, zeze ankalira kutsanzira belu la wotchi ya ku Westminster. Unali m'bandakucha pa mtsinje wa Thames, ndipo posakhalitsa mzinda wonse unadzuka ndi phokoso. M'chigawo chachiwiri anatilozera mfuu ya munthu wogulitsa maluwa onunkhira a lavenda mumsewu, ndi timabelu ta ngolo yokokedwa ndi hatchi. M'chigawo chachitatu, cha usiku m'mbali mwa mtsinje, orchestra yonse inkatsanzira kalimba ka pakamwa ka anthu wamba. Kumapeto belu lija linabweranso, mzinda n'kuzimirira pang'onopang'ono ngati ukupita ndi madzi. Ndinatuluka m'kalasimo ndili ndi funso limene landisautsa mpaka ukalamba uno: ngati munthu angaike London m'nyimbo, kwathu kungamveke bwanji?

Pambuyo pake ndinadziwa kuti Vaughan Williams sanali yekha. Bedřich Smetana anayamba kulemba Má vlast mu 1874, chaka chimene makutu ake anagontha, ndipo anaikamo linga lakale la Vyšehrad ku Prague ndi mtsinje wa Vltava. Ottorino Respighi analemba za akasupe ndi mitengo ya ku Rome, ndipo mu 1924 analamula kuti pakati pa nyimbo aziliza mbale ya galamafoni ya kulira kwa mbalame yeniyeni. George Gershwin anagula mahutala a matakisi ku Paris n'kuwalowetsa m'nyimbo yake ya 1928. Onsewa anayamba ndi kutchera khutu pa malo amene ankawaimbawo. Vaughan Williams mwiniwake, kuyambira 1903, ankayenda m'midzi ya ku England ndi kope, kukhala pansi ndi nkhalamba, kulemba nyimbo zawo, mpaka zinapitirira 800.

Koma nkhani imene inandimanga ndi ya zimene zinagwera nyimbo ya London ija. Amene anamulimbikitsa kuilemba anali mnzake wachinyamata, George Butterworth. Inaimbidwa koyamba pa 27 Malichi 1914 ku Queen's Hall, wotsogolera ali Geoffrey Toye. Kenako buku lalikulu, limene munali manotsi a zoimbira zonse pamodzi, linatumizidwa ku Germany. Mu Ogasiti nkhondo inabuka, ndipo bukulo silinaonekenso. Chimene chinatsala ndi mapepala a oimba: wa vayolini anali ndi mzere wake wokha, wa lipenga wake, wa ng'oma wake, popanda ndi mmodzi yemwe wokhala ndi nyimbo yonse. Butterworth, Toye ndi Edward Dent anasonkhanitsa mapepalawo n'kuthandiza mwini wake kuimanganso mzere ndi mzere. Butterworth anaphedwa ku nkhondo ya ku Somme mu Ogasiti 1916, ndipo nyimboyo itasindikizidwa mu 1920 inaperekedwa kuti ikhale chikumbutso chake. Vaughan Williams nayenso analowa usilikali, nanyamula ovulala ku France. Nkhondo imene inameza buku la London ndi yomweyo imene inasenzetsa agogo anga katundu n'kuwabweza ndi mganda.

Anthu athu nawonso anaimbapo mizinda, kungoti sanalembe pamapepala. Bambo anga anagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi ku mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, ndipo ankasimba za Lamlungu masana mu komboni, pamene Abisa ankavina kalela. Ng'oma zawo zinali migolo ya mafuta yokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, ndipo nawonso anali ndi kingi, dokotala ndi nesi. Nyimbo zawo zinkanena za m'tauni momwemo: akazi odzola, milandu ya chigololo, mitundu yosiyanasiyana yokumana pa mpopi umodzi, aliyense kusekedwa ndi khalidwe la kwawo. Katswiri wina wa ku Rhodes-Livingstone Institute, J. Clyde Mitchell, anaonera gule ameneyu ku Luanshya komweko n'kulembapo kabuku kamene kanatuluka mu 1956. Ofuna kudziwa mmene Luanshya wa masiku amenewo ankamvekera kwa munthu wakuda amayambira pamenepo.

Chaka chomwecho cha 1956, chimenenso ine ndinabadwa, mzinda wa Johannesburg unakwanitsa zaka 70, ndipo Todd Matshikiza anapemphedwa kulemba nyimbo ya chikondwererocho. Analemba Uxolo, kutanthauza mtendere m'Chixhosa, ya kwaya yaikulu ndi zoimbira. Taganizani, munthu wakuda kuimbira mtendere mzinda umene kuyambira Febuluwale 1955 unali kusamutsa anthu ku Sophiatown ndi kugumula nyumba zawo. Ndi yemweyu amene anapeka nyimbo za sewero la King Kong la 1959, limene linatchukitsa Miriam Makeba. Atatopa ndi tsankho anapita ku London mu 1960, ndipo mu 1964 anabwera ku Lusaka kudzagwira ntchito pa wayilesi. Mu 1967 anapatsidwa udindo wosunga nyimbo ku nthambi ya boma yofalitsa nkhani, nayamba kuyendayenda kusonkhanitsa nyimbo za makolo a dziko lino. Anamwalira ku Lusaka mu 1968 asanakwanitse zaka 47. Ndikamuganizira mtima umandiwawa, chifukwa munthu wodziwa kulembera orchestra anali atangoyamba kumvera ng'oma zathu.

Nditapuma ntchito ndinati basi, nthawi yolemba nyimbo ya Chikwa yakwana. Wina anandiseka kuti Chikwa si mzinda, ndipo vayolini ndikamutenga kuti. Ndinamuyankha kuti ku Kinshasa, Armand Diangienda, amene kale ankayendetsa ndege, anayambitsa orchestra mu 1994 zoimbira zili zosakwanira, moti chingwe cha vayolini chikaduka ankamangapo waya wa buleki ya njinga. Ine ndili ndi kwaya, ng'oma, kalimba, visekese vya amayi ndi zipanda. Za kukula kwa malo sindidandaula nazo. Dziko limene lili ndi mfumu yake, manda a makolo ndi mbiri yoti anthu n'kukanganirana, lili ndi zokwanira kudzaza zigawo zinayi.

Chigawo choyamba sichinavute. Ndi m'mawa m'chigwa: mvuu zikubwerera m'madzi, nkhwali, kenako mitondo iwiri yosinja mpunga mosinthana, pakuti mpunga wa ku Chama ndi umene umatidziwitsa ngakhale m'masitolo a ku Lusaka. Ndinaikamonso zitini zimene timagogoda usiku pothamangitsa njovu m'minda, chifukwa kuno tili m'dera la nyama la Musalangu, ndipo mwana aliyense amalidziwa phokoso limenelo asanadziwe belu la sukulu.

Chachiwiri ndi cha makolo: mafumu athu kuoloka Luangwa kuchokera kumadzulo, malonda a minyanga ya njovu, fodya, ndi nsalu za thonje zimene Asenga ankaomba okha, kenako masiku a malinga, pamene midzi inkazingidwa ndi mipanda ya mitengo poopa Angoni ochokera kumtunda ndi Abemba ochokera kutsidya. Pamenepa ndinapatsa kalimba mpata, ng'oma n'kumamveka chapatali ngati mphekesera.

Chachitatu ndicho chandidyera chaka chathunthu. Mu 1964, miyezi yochepa ufulu wa pa 24 Okutobala usanafike, mkangano wa pakati pa mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina ndi otsatira chipani cha UNIP unasanduka nkhondo, asilikali a boma n'kulowererapo. Unayambira ku Chinsali, koma kumayambiriro kwa Ogasiti unafika pa boma la Lundazi, limene nthawi imeneyo linkalamuliranso Chama, ndipo m'chigwa muno munafa anthu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndimakumbukira kugona m'tchire masiku angapo, amayi atanditseka pakamwa ndi dzanja kuti ndisatsokomole. Mabanja anagawanika, wina uku wina uko, ndipo ena sanabwererenso. Nyimbo za mpingo uja zinali zokoma, zimenezo ngakhale odana nawo ankavomereza, koma kuchokera chaka chimenecho palibe ankaziimba poyera. Nditauza akuluakulu kuti ndikufuna chigawo cha 1964, mmodzi anati, "Aphunzitsi, chilonda chikapola sachikanda." Wina anati tikachisiya, adzukulu adzayesa ufulu unabwera ndi nthungululu zokha. Tinagwirizana kuti kwaya izing'ung'udza chotseka pakamwa, popanda liwu la mbali iyi kapena iyo, ng'oma yaikulu ikugunda kamodzikamodzi, kenako zii kwa kanthawi.

Chachinayi ndinkayesa chidzakhala chophweka, poti ndi mganda wa pokolola, umene ndinakula ndikuuona. Ndinakhala pansi kuti ndilembe m'solofa nyimbo imene boma la agogo linkalowera m'bwalo, ndipo ndinapeza kuti ndikudziwa mawu apamwamba okha. Apakati ndinkangowamva mwa apo ndi apo. Apansi, a zipanda zazitali, anali atafufutika. Mganda wa masiku ano ulipo, anyamata amavina pa misonkhano ndi pa zikondwerero za sukulu, koma nyimbo zawo n'zina, ndipo pansonga ya chipanda amamata kapulasitiki ka jumbo, poti m'nyumba za simenti kangaude uja wasowa. Buku loti nkutsegula kunalibe, chifukwa mganda sunakhalepo ndi buku. Aliyense ankasunga mzere wake m'mutu.

Apa m'pamene nkhani ya Butterworth inandithandiza. Ndinatuma mdzukulu wanga pa njinga kukaitana onse otsala amene anavinapo m'boma lija. Anapezeka anayi, onse opitirira zaka 75. Tinakhala pansi pa mtengo wa bwemba, mdzukulu atagwira foni kujambula. Woyamba ankakumbukira ng'oma yaing'ono, ndipo anaiimba pa chigubu. Awiri anali a zipanda zapakati, ndipo anayamba ndi kukangana, wina akuti mnzakeyo ankalowa msanga ngakhale kale. Wachinayi ankadziwa mapazi okha, koma atangoimirira ndi ndodo yake n'kuponda kawiri, awiri aja anapeza polowera. Tinachita zimenezi Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri, ine ndikulemba ndi kufufuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pang'onopang'ono nyimbo inaima, koma inali ngati nyumba yopanda maziko, chifukwa onse a zipanda zazitali anapita kale.

Loweruka lina, mayi wina wokalamba amene ankabwera kudzangokhala chapatali ndi kumvera, anasendera pafupi. Anati, "Aphunzitsi, pamenepo mukusiya dzenje. Pamayenera kulira chipanda cha agogo anu." Ndinawafunsa kuti iwo adziwa bwanji, poti akazi sankaimba malipenga. Anaseka. Anati ali mtsikana, cha m'ma 1960, ndiwo anali nesi wa boma limenelo, ndipo poti agogo anali atakalamba ndi chifuwa chawo chija, kingi anawalamula kuti aziima pambali pawo ndi kansalu ndi chikho cha madzi. Zaka zitatu anaima pamenepo, khutu lili pa chipanda chimodzi.

Ndinalowa m'nyumba n'kuchotsa lipenga pamsomali. Mng'alu uja tinaumata ndi phula, ndipo mdzukulu anakapeza kachikopa ka kangaude m'nkhokwe yakale ya kwa aneba. Mayi aja anakana kuliika pakamwa, anati zimenezo n'za amuna. Anang'ung'udza mzerewo katatu, mawu anayi okha otsika ndi kukwera, olowa pamene ena onse akupuma. Ndinaika milomo pa kabowo pamene agogo ankaika yawo, n'kuyesa. Anapukusa mutu.

"Mwafulumira. Iwo ankadikira kaye ng'oma, chifukwa mpweya unkawathera. Bwerezani."

Ndinabwereza, mochedwerako pang'ono, ndipo m'kope langa ndalemba momwemo, ndi kampata kopumira munthu wa chifuwa.